Khobwe wa Loweruka m'mawa

Loweruka ndimadzuka anthu onse m'nyumba muno akadali m'tulo. Ndimatenga beseni la buluu, kutsanuliramo makapu awiri a khobwe, kuthira madzi, n'kukhala pansi pakhonde la kuseri. Ndimangodikira mphindi 10 basi. Ukapitirira pamenepo khobwe amamwa madzi n'kufufuma, khoko limakakamira, ndipo ntchito ya theka la ola imakudyera m'mawa wonse. Kenako ndimayamba kufikisa ndi manja onse awiri ngati ndikuchapa kolala ya yunifolomu. Makoko akayandama ndimawatsanulira pa sefa, madzi omwewo n'kuwabwezera m'beseni, poti kuno ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, madzi a pampopi ndi mlendo wobwera tsiku limene wafuna yekha. Ndikatero kasanu kapena kupitirira, khobwe amatsala woyera mbee.

Zaka zitatu zapitazo mukanandiuza kuti ine, mwana wa ku Nkhotakota amene ndinalumbira kuti ndikafika m'tauni za mtondo ndi lichero ndathana nazo, ndizidzachita zimenezi mlungu uliwonse popanda wondikakamiza, ndikanakusekani. Chinandikhazika pakhonde pamenepa ndi mimba ya chisamba wanga.

Kuyambira ali ndi zaka zinayi mtsikanayu ankangodwaladwala. Mimba yotupa ngati ng'oma, timiyendo towonda, kutsegula m'mimba kosatherapo, magazi ochepa. Anzake obadwa nawo chaka chimodzi anamupitirira onse. Tinamumwetsa mankhwala a njoka zam'mimba kangapo konse, osathandiza. Achibale ena anayamba kunong'ona zoti pali dzanja la munthu, ndipo sindibisa, usiku wina nanenso ndinagona ndikuwerenga adani anga. Dokotala wa ana amene anatulukira vutolo anayamba ndi mafunso amene ena onse anali asanafunsepo. M'mawa amadya chiyani? Buledi. Kusukulu amatenga chiyani? Buledi. Nanga akaweruka? Mandasi kapena mabisiketi. Anamuyeza magazi, kenako anatenga kanyama kakang'ono ka m'matumbo kukakaunika, yankho n'kubwera lakuti ndi matenda otchedwa coeliac.

Mu tirigu, mu balere ndi m'mbewu ina yotchedwa rye muli puloteni yotchedwa gluten, ija imachititsa kuti ufa wokanda uzinanda n'kumatamuka. Ambirife imatidutsa bwinobwino. Koma pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse, chitetezo cha thupi lake chikakumana nayo chimatembenukira matumbo ang'ono, n'kuwononga tinsonga ta m'kati mwake timene timayamwa chakudya. Munthu amadya n'kukhuta, thupi osapindula kanthu. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kusiyiratu tirigu moyo wonse. Kwa amene mukukayikira mwana wanu, mvetsani chenjezo limene dokotalayo anandipatsa: musamusiyitse buledi asanayezedwe, chifukwa matumbo akayamba kupola zotsatira zimatha kusonyeza kuti alibe vuto pamene ali nalo.

Chakudya chamasana ndi chamadzulo sichinandivute. Nsima ndi ya chimanga, kaya muitchule kuti sadza ngati anzathu kuno, ndipo m'chimanga mulibe gluten. Mpunga, mbatata, mawere, mapira, mtedza, zonsezi amadya mtima uli m'malo. Nkhondo inali m'mawa ndi m'kabokosi ka kusukulu. Harare ndi mzinda wa buledi. Chingwa, monga amamutchulira m'Chishona, ali paliponse: pa tiyi, pamaliro, pa msonkhano wathu wa amayi a Chigwirizano ku CCAP, m'khwapa mwa mwana aliyense amene watumidwa kugolosale. Ndipo tisanamizane, ife okulira kumudzi buledi timamuona ngati umboni wakuti zinthu zatiyendera. Ine ndinakula ndikumwera tiyi chinangwa chophika, n'kumasirira ana a aphunzitsi. Ndiye kuti mwana wanga wobadwira m'tauni abwerere ku chinangwa, zinkandipweteka pamalo pena pamene sindikanatha kumulozera dokotala.

Buledi wopanda tirigu alipo m'masitolo a kumayadi, uko ku Avondale ndi Borrowdale. Ndinagula kamodzi. Ndalama yake ikanatigulira malofu wamba angapo, ndipo mwana atalawa anandiyang'ana n'kufunsa mwaulemu ngati angathe kusiya.

Ine ndine telala. Kashopu kanga kali chakumunsi kwa tauni, kufupi ndi Kaguvi Street kumene kuli ogulitsa zipangizo za galimoto, ambiri a iwo ochokera ku Nigeria. Pakati pa makasitomala anga akalekale pali mayi wina wa ku Ibadan, mzinda wa ku Nigeria komweko, amene anzake amangomutchula kuti Iya Ibeji, kutanthauza mayi wa mapasa, ndipo nanenso ndimawatchula choncho. Tsiku lina akuyesa diresi anaona kuti maso anga ndi ofiira. Nditawafotokozera anakhala kaye chete, kenako n'kuseka, zimene zinandikwiyitsa pang'ono.

"Achemwali, ndiye misozi yonseyi ndi ya buledi? Agogo anga anakalamba mpaka kuyendera ndodo, buledi akumuona pa Khirisimasi pokha. Mubwere kunyumba Loweruka ndidzakuonetseni akara."

Ine ndinamva ngati akuti ankara, dzina limene iwo amatchulira zitenje, choncho ndinapita ndi tepi yoyezera m'chikwama. Mpaka lero akafuna kundiseka amandifunsa ngati ndabwera ndi tepi.

Akara ndi chitumbuwa cha khobwe. Mulibe ufa wamtundu uliwonse, mulibe yisiti, mulibe dzira, mulibe soda. Ahausa amati kosai, ku Ghana amati koose, ndipo Ayoruba amene anagwidwa ukapolo anawoloka nacho nyanja mpaka ku Brazil, kumene lero lomwe amayi a ku Bahia amagulitsa acarajé m'mbali mwa msewu. Khobwe ndi mbewu ya mu Africa muno kuyambira makedzana, ndipo Nigeria ndi Niger ndiwo amalima wochuluka kuposa mayiko ena onse. Ife kwathu timangomuphika ndiwo, kapena kuthyola masamba ake kuti tidye chitambe. Sizinandibwererepo m'mutu kuti angalowe m'mafuta n'kutuluka wofufuma ngati mandasi.

Kwa inu a ku Harare, ku Mbare Musika musakafunse khobwe, palibe amene adzakumveni. M'Chishona khobwe ndiye amene amamutcha nyemba, pamene nyemba zathu zija iwo amati bhinzi. Ndinatenga nthawi kuti ndizolowere zimenezi. Mukakasankhe woyera uja wa kadiso kakuda. Wofiirira wamng'onomng'ono amakoma kumene, koma kumusenda kwake mudzatukwana.

Khobwe akasendeka ndimamuviikanso kwa ola limodzi kapena awiri mpaka azinyenyeka pakati pa zala. Kenako ndimamupera limodzi ndi theka la anyezi ndi kambuzi muwiri. A ku Nigeria amagwiritsa ntchito tsabola amene amamutcha ata rodo, koma tsiku limene ndinawabweretsera kambuzi wochokera kumudzi, Iya Ibeji ananunkhiza n'kunena kuti awa ndi pachibale, fungo ndi lomwelo. Magetsi akakhalapo ndimapera pa blender. Akathima, mtondo umene ndinaulumbirira uja umatuluka kuseri kwa chitseko. Chachikulu ndi madzi. Thirani masupuni ochepa okha, ongokwanira kuti makina azungulire. Madzi akachuluka, akara amamwazika m'mafuta n'kusanduka nyenyeswa.

Pamene ine ndinalakwitsa ulendo woyamba ndi pa kupuntha. Popeza mulibe chofufumitsa, mpweya uyenera kulowetsedwa ndi dzanja lako. Umatenga mthiko n'kumatakasa mwamphamvu, mbali imodzi yokhayokha, mphindi 10 zathunthu, mpaka phalalo liyere, lipepuke, liwonjezekere m'mbale. Poyesa umadontheza pang'ono m'kapu ya madzi: likayandama lakwana, likamira pitiriza. Mchere umalowa pomalizira penipeni, mafuta atatentha kale, chifukwa ukafulumira nawo phala limatsika n'kutulutsa madzi. Ine tsiku limenelo ndinatakasa mphindi ziwiri, mchere ndinali nditathira poyamba pomwe monga timachitira ndi ndiwo, ndipo m'chiwaya munatuluka tinthu tafulati tolimba ngati zidendene za patapata. Bambo a kunyumba anadya kamodzi n'kunena kuti "si zoipa ayi", mawu amene m'banja mwathu amatanthauza kuti n'zoipa.

Mafuta akhale akuya zala zitatu, ndipo akhale atsopano. Amene munakazingira mandasi dzulo ali kale ndi tirigu, mwana wotere sangadye. Mukaponya supuni ya phala limamira pang'ono n'kubwerera pamwamba lokha likuchita thovu m'mbali. Mphindi ziwiri mbali ino, ziwiri mbali inayo. Kunja kumakhala kofiirira kokhukhuta, m'kati mofewa mwa timabowo. Loweruka lachitatu, pamene ndinatha kutulutsa akara weniweni, mwana wanga anadya asanu ali chiimire pafupi ndi mbaula, akupemerera zala. Ndinalowa kuchipinda kukapukuta maso kuti asandione.

Akara akazizira amalimba, choncho m'kabokosi ka kusukulu mumalowa mbale wake, moin moin. Phala lake ndi lomwelo koma lamadzimadzi, lothira mafuta, tsabola wofiira wosawawa uja, ndi chidutswa cha dzira lophika pakati. Iwo amakulunga m'masamba aakulu a kwawo, ine ndimakulunga m'masamba a nthochi owaula pamoto, monga amachitira amayi anga ndi mkate, kapena ndimathira m'tizitini. Pansi pa poto ndimayala timitengo, madzi pang'ono, kuvundikira, mphindi 45. Ndikaphika Lamlungu madzulo amatifikitsa Lachitatu, bola magetsi asatichite chipongwe ndi fuliji.

Akara kwawo amamwera phala lowawasa lotchedwa ogi: chimanga choviika masiku awiri kapena atatu, chopera chili chonyowa, kusefa, kusiya kuti chidikhe. Nditalilawa ndinakumbuka fungo la matsukwa, madzi aja a mphale yoviika amene kwathu ambiri timangotaya.

Chimene chinandisokoneza mutu kwenikweni chinachitika miyezi ingapo pambuyo pake. Iya Ibeji anandiitana kuti ndikadye chakudya chimene anthu a ku Ibadan amanyadira kuposa china chilichonse, chotchedwa abula. Anachitama mlungu wonse. Anapepesa kuti ufa wa zilazi umene amaphikira amala wakuda uja unawathera, ndiye aphika woyera, wa ufa wa chinangwa wotchedwa lafun. Mbale itafika ndinaiyang'ana, n'kuyang'ana iwo, n'kuyang'ananso mbale. Pakati panali mtanda wotuwa wonanda. Mbali imodzi ndiwo zobiriwira zoterera, ewedu. Mbali inayo zachikasu zosalala, gbegiri. Pamwamba supu wofiira wa tomato ndi tsabola.

Ndinatema mbamu, kusunsa, kuika m'kamwa, n'kuyamba kuseka osatha kuleka.

"Mayi, uyu ndi kondowole. Ili ndi denje. Ichi ndi chipere."

Sanamvetse mpaka nditawafotokozera. Lafun amapanga posenda chinangwa, kuchiviika masiku angapo mpaka chifewe, kuyanika, kusinja. Ndi mmene agogo anga ankapangira ufa wa kondowole m'mphepete mwa nyanja, osasiyana ngakhale pang'ono. Ewedu ndi therere la denje lomwe lija limamera lokha m'munda nthawi ya dzinja, ndipo pamene ife timathira chidulo kapena soda, iwo amathira kamwala kena kamchere kotchedwa kaun, ntchito yake imodzimodzi. Gbegiri ndi khobwe wosenda wophika mpaka kusungunuka. Kwathu zinthu zitatu zimenezi pamodzi ndi chakudya cha tsiku limene m'nyumba mulibe ndalama ya nsomba. Mlendo akakupeza ukudya umabisa mbale kunsi kwa mpando. Kwawo anthu amaima pamzere m'malesitilanti, ovala masuti, kudikira chomwechi.

Sindinganene kuti kukoma kwake n'kofanana ndendende. Kusiyana kuli pa zokometsera. Iwo saopa mafuta ofiira a kanjedza, aja ku Karonga amati mawese, saopa tsabola, ndipo ali ndi iru, njere za mtengo wina zowoletsa dala, zimene zimapatsa ndiwo kukoma kwakuya ngati muli nyama. Ku Ghana ndi kumpoto kwa Nigeria amazitcha dawadawa. Anandigawira kabotolo. Nditakatsegula kunyumba, bambo a kunyumba anayamba kusuntha makabati kufunafuna khoswe wakufa. Koma supuni yaing'ono m'denje imasintha zonse, ndipo tsopano iwo omwewo ndi amene amafunsa kuti "kakhoswe kaja mwathira?"

Kuyambira tsiku limenelo katundu amene amayi amanditumizira pa basi, wodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda mpaka ku Roadport, anasintha. Kale ndinkapempha mpunga ndi usipa basi. Lero pamwamba pa mndandanda pali ufa wa kondowole, ndipo theka lake limapita kwa Iya Ibeji. Amayi pafoni anadabwa. "Iwe, si uja unkati kondowole amakununkha?"

Chinangwa si mbewu ya kuno ayi. Chinachokera ku South America, Apwitikizi n'kubwera nacho m'zaka za m'ma 1500, koma lero dziko limene limalima chambiri pa dziko lonse ndi Nigeria. Amachisandutsa zinthu zambiri kuposa ife. Ku Ghana amachiphika n'kuchisinja mu mtondo pamodzi ndi nthochi zophika zija za mbalaga kuti apange fufu, amene sutafuna, umangomeza ndi supu. Ku Côte d'Ivoire ali ndi attiéké, wa timibulu ting'onoting'ono ngati mpunga woswa, amene luso la kapangidwe kake UNESCO inalilemba mu 2024 pa mndandanda wa miyambo yofunika kuiteteza, womwe uja pali Gule Wamkulu wathu. Ndiye pali gari, amene ndinayesa kupanga ndekha kamodzi, ndipo kamodzi komweko kanandikwana.

Ndinapeza chinangwa ku Mbare, kumene amachitcha mufarinya ndipo sichipezeka tsiku lililonse. Kusenda, kutsuka, kupala pa chitini chobooledwa ndi msomali mpaka zala kutuluka magazi. Kuthira m'thumba, kumanga, kutsindira ndi njerwa masiku atatu kuti madzi akhe ndiponso chisase. Kenako kusefa, n'kukazinga pang'onopang'ono m'chiwaya chouma, ukutakasa osaleka, utsi uli m'maso, mpaka chiume n'kumalira ngati mchenga. Ndowa yathunthu inandipatsa kambale. Panopa gari ndimangogula kwa amayi a ku Nigeria m'tauni, ndipo mtengo sindinenerera. Ubwino wake ndi liwiro: madzi owira m'mbale, kuwaza gari, kuvundula ndi mthiko, mphindi zitatu eba wapsa. Tsiku limene gasi watsala pang'ono kutha, imeneyi ndiye nsima yathu.

Kuviika ndi kusasitsa konseku si nkhani ya kukoma kokha. Chinangwa, makamaka chowawa, chili ndi poizoni wa cyanide, ndipo madzi, kusasa ndi moto ndizo zimamuchotsa. Ife a kunyanja timadziwa kuti Manyokola ukhoza kungophika n'kudya, koma chowawa sachidulira njira. Mu 1981, kukugwa chilala ku Nampula m'dziko la Mozambique, anthu anadya chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, ndipo oposa 1,000 anapuwala miyendo ndi matenda otchedwa konzo. Chinangwa cha pamsika chimene simukudziwa mtundu wake, viikani.

Supu wa mtedza sanandivute, popeza nsinjiro ndi chiponde tinabadwira momwemo, ndipo kuno chiponde, chimene m'Chishona amati dovi, chili pakona iliyonse. Ku Ghana amati nkatenkwan, ku Senegal mafé. Chimene ndinaphunzira n'chimodzi: kusungunula chiponde ndi madzi pang'ono n'kuchiphika pachokha, ukutakasa, mpaka mafuta atuluke pamwamba, kenako n'kuchithira mu nkhuku imene yawira ndi anyezi, tomato, jinja ndi tsabola. Ife timathira nsinjiro kumapeto n'kuphula msanga. Iwo amazisiya pamoto mpaka fungo la uwisi litheretu. Timadyera mpunga wofewa woumba timipira, umene ku Ghana amati omo tuo.

Jollof ndiye anandichititsa manyazi kawiri. Koyamba ndinatenga Kilombero wanga wonunkhira, ndikuti ndiwaonetse a ku Nigeria mpunga weniweni. Anasanduka phala lofiira. Kilombero ndi wofewa, safuna kukhalitsa m'supu wa tomato. Jollof wa ku Nigeria amafuna mpunga wautali wofutsa kale uja amalemba kuti parboiled, supu wokazinga mpaka mafuta alekane ndi tomato, madzi ochepa, moto wochepa, chivundikiro chothina kuti upse ndi nthunzi. Kupserera pang'ono pansi pa poto iwo amakufuna dala chifukwa cha fungo la utsi. Za mkangano wa Ghana ndi Nigeria woti wokoma ndi wa ndani ine sindilowerera, ndili ndi makasitomala mbali zonse ziwiri. Ndimangodziwa kuti dzinalo likuchokera kwa Awolof a ku Senegal, ndipo mpunga wawo wa nsomba wa ku Saint-Louis, ceebu jën, unalowa pa mndandanda wa UNESCO uja mu 2021. Iya Ibeji nkhani imeneyi saikonda.

Kachiwiri kanali koopsa. Mpunga unapsa bwino, aliyense anayamikira, koma usiku mwana anayamba kubuula, mimba n'kutupa ngati kale. Ndinakhala pansi kuwerenga chilichonse chimene ndinathira. Mpunga, tomato, anyezi, mafuta atsopano. Mpaka ndinakavundukula m'bini n'kupeza kapepala ka kachubu kokometsera ndiwo kamene ndinagula mothamanga, ka mtundu umene ndinali ndisanagwiritsepo ntchito. Ndi tochi ya foni, m'timalemba tating'ono kuposa nyerere, ndinawerenga kuti muli ufa wa tirigu. Kachubu kamodzi m'poto wa anthu asanu, mwana anavutika masiku atatu ndipo kusukulu sanapite. Mlandu unali wanga, popeza kapepalako kanalemba zoona.

Si machubu onse ali ndi tirigu, koma ine ndinangowasiya onse, pamodzi ndi ufa wa supu wa m'timapepala uja amaukonda kuno pokhuthalitsa ndiwo. M'malo mwake ndimakazinga usipa kapena matemba m'chiwaya chouma, kusinja, kusefa, kusunga m'botolo. A ku West Africa amachita chimodzimodzi ndi tinkhanu touma timene amatitcha crayfish. Matemba a ku Kariba amagwira bwino ntchitoyi, ngakhale nawonso ndi alendo ngati ife: anawatenga ku nyanja ya Tanganyika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Musaganize kuti chilichonse cha ku West Africa n'chopanda tirigu. Nsima ija amaitcha semo ndi tirigu weniweni. Puff-puff ndi mandasi athu omwe. Chin chin ndi ufa wa tirigu, ndipo zakumwa zotsekemera za malt zimene amazikonda pa zikondwerero zili ndi balere. Ufa wa m'mapaketi wolembedwa kuti fufu kapena pounded yam, werengani kuseri musanagule. Ndipo kuchigayo funsani zimene agaya tsikulo. Zimbabwe imalima tirigu nthawi yozizira, ndipo akakolola ena amapita naye kuchigayo chomwecho chimene inu mumagayitsako mawere. Kunyumba kwathu mwanayu ali ndi mthiko wake, sefa yake ndi botolo lake la majarini, lolembedwa ndi utoto wa zikhadabo, kuti mpeni wa buledi wa abale ake usalowemo.

Fonio, kambewu kakang'onong'ono kamene amalima kwambiri ku Guinea ndipo mitundu ina imacha pa milungu 6 mpaka 8 yokha, ndinangolawa kamodzi. Kamapsa pa mphindi zisanu, n'kokoma, koma mtengo wake kuno si wa telala. Mawere ndi mapira zilipo ku Mbare. Chakumwa chofiira chija amati zobo, ena sobolo kapena bissap, ndi chidede basi. Ndinadzala mizere iwiri kuseri kwa nyumba.

Munthu amene zonsezi sizinkamusangalatsa ndi apongozi anga. Iwo anabadwira kuno. Bambo awo anachoka ku Dedza nthawi ya Federation, m'zaka za m'ma 1950, kudzagwira ntchito ku Salisbury, Harare wa lero, n'kukhala mtchona mpaka imfa. Apongozi amalankhula Chichewa chakale chosakaniza ndi Chishona, ndipo kwa iwo nyumba yopanda lofu patebulo ndi nyumba ya umphawi. Ankati mdzukulu wawo ndikumudyetsa zakudya za chaka cha njala. Kawiri konse ndinawagwira akumupatsira bisiketi kuseri, akuti kamodzi kokha sikangaphe munthu. Tinasemphana mawu, zimene kwa mtengwa si zapafupi. Chinawagonjetsa si pakamwa panga. Inali yunifolomu imene ndinasoka mu Januwale n'kukhala itamuchepa mu Ogasiti, mwana amene diresi limodzi linkamukwana zaka ziwiri.

Mwezi wathawu anabwera kudzagona masiku angapo. Loweruka m'mawa anandipeza pakhonde, manja ali m'beseni. Anaima n'kumandiyang'ana nthawi yaitali, atafunda tawulo m'mapewa.

"Amake mwana, madzi onsewa mukuwataya chifukwa cha khobwe? Ndani anakuphunzitsani?"

Ndinati ndi mnzanga wa ku Nigeria.

"Kwawoko mitsinje ndi yambiri eti? Tabweretsani mtondo ndi lichero. Ndi wouma wotsalayo."

Anathira khobwe wouma mu mtondo n'kumamugunda mopepuka ndi munsi, osati kusinja, kungomuswa pakati. Amayi awo akuti ankachitira pa mphero akafuna kuphika chipere. Kenako anakhala pansi, kutambasula miyendo, lichero m'manja, n'kuyamba kupeta. Makoko ankauluka okha kupita m'maluwa. Pasanathe mphindi 15 m'lichero munali khobwe woswekasweka, pafupifupi yense woyera, osataya ngakhale dontho limodzi la madzi. Totsalira tochepa tinayandama pa kutsuka koyamba.

Tsiku limenelo akara anatuluka 26. Apongozi anadya anayi ndi tiyi wopanda mkaka, n'kunena kuti tsabola wachuluka. Atatu ena anawakulunga m'pepala kuti akapatse mnzawo wa ku Chigwirizano amene madokotala anamuletsa buledi chifukwa cha shuga.

Lolemba ndinamujambulira Iya Ibeji kavidiyo ka kupetako n'kumutumizira pa WhatsApp. Anayankha kuti amayi ake nawonso ankatero pa mwala, iye anangoiwala. Kenako anafunsa ngati pa basi yotsatira amayi anganditumizire lichero lachiwiri.